Gasiketi ya Labala

Achimwene anga akafuna kunena chinthu chowawa amayamba ndi kupukuta magalasi. Tsiku limenelo anawapukuta mpaka ndinati abooka. Tinali pakhonde, bambo atakhala pampando wawo, ndodo zawo ziwiri zitatsamira khoma, mwendo wakumanzere wa thalauzi utapindidwa n'kubayidwa ndi phini pamene pamathera bondo.

"Bambo, sindinabwere kudzakangana," anatero achimwene. "Malinga galimotoyo ikuyenda, khalani kuno. Koma tsiku limene mudzalephere kufika kuchipatala, ndidzabwera kudzakutengani, ndipo sitidzakambirananso."

Bambo anandiyang'ana n'kumwetulira chakumbali. "Wamva, Kapitawo? Ndinabereka ana awiri, wina kapitawo, wina woweruza milandu. Ine wandende ndilowere kuti?"

Kapitawoyo ndi ine. Dzinali anandipatsa nditabwerera pakhomo banja langa litatha, n'kuyamba kuwabisira shuga ndi mchere. Matenda a shuga anayambira pachala, kenako anadya phazi, kenako mwendo mpaka m'bondo, ndipo atakhuta kumeneko anatembenukira ku impso. Lolemba ndi Lachinayi lililonse bambo ankayenera kukagona pamakina osefa magazi. Akaphonya ulendo umodzi nkhope inkatupa, mpweya n'kumabanika, ndipo adokotala anatiuza mosapsatira kuti kuphonya kawiri n'kuitana maliro.

Nyumba yathu ili kumathero kwa msewu wafumbi, pamwamba pa chitunda. Minibasi imathera kumunsi, ku tara, ndipo ngakhale wa miyendo iwiri amafika pakhomo pathu ali wefuwefu. Ine sinditha kuyendetsa galimoto, komanso ndimasita zovala m'kampani yochapa mumzinda, kumene sapereka tchuthi chifukwa cha impso za bambo ako. Achimwene amakhala pafupi ndi chipatala, m'nyumba zosanjikizana, ndipo anali atakonza kale kachipinda kamene amasungamo makatoni. Zenera lake limayang'ana khoma la eni ake. Kumeneko kulibe shedi, kulibe bwalo, kulibe dothi loti munthu n'kugonapo chagada pansi pa galimoto. Nyumba yathuyi bambo anaimanga ndi manja awo, ndipo amayi anatsirizikira m'chipinda chakum'mawa. Chimene chimandipsetsa mtima mwa achimwene n'chakuti si munthu woipa, ndipo nthawi zambiri amanena zoona.

Galimotoyo inali ya otomatiki, yosintha yokha magiya, yakale, imene paunyamata wake inali yoyera. Bambo anagwira umakaniko wa malole moyo wawo wonse, ndipo galimoto za otomatiki ankazitcha ngolo za aulesi. "Munthu wosadziwa kilachi si dalaivala, ndi katundu," ankatero. Koma Mulungu ali ndi nthabwala zake, chifukwa mwendo umene unapita ndi wa kilachi womwewo. Atatuluka m'chipatala anagulitsa pikapu yawo n'kugula ngolo ya aulesiyo, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akuinyoza. Ankaipukuta m'mawa uliwonse atakhala pa kampando kawo kakafupi, akuitcha mnzanga.

Itayamba kudwala, bambo anabisa. Koma masiku achipatala ndinkakwera nawo mpaka mumzinda, ndipo makutu ndili nawo. Akaika giya pa D kuti ipite kutsogolo, galimoto inkayamba yaganiza kaye, kenako n'kudzidzimuka ngati munthu wogwidwa akuodzera m'tchalitchi. Pachitunda injini inkalira kwambiri koma liwiro osaoneka.

"Bambo, ikutani imeneyi?"

"Ikupemphera kaye. Iwenso uzitero usanayambe ulendo."

Lachinayi lina anafika pakhomo mochedwa, nkhope ili mbuu ndi kutopa kwa makina aja, ndipo m'malo mokagona anatsegula boneti. Anasolola kandodo koyezera oyilo wa giyabokosi, anakapukutira pachala, n'kununkhiza. Anandiitana kuti nanenso ndinunkhize. Oyiloyo anali bii, akununkha ngati poto wopserera.

"Ameneyu amayenera kukhala wofiira ngati magazi," anatero. "Ine amandisintha oyilo kawiri pasabata, koma mnzangayu chimugulireni sanalaweko watsopano. Ndi chilungamo chimenecho?"

"Bwanji muwaimbire a Ndevu?"

A Ndevu anaphunzira ntchito kwa bambo kalekale. Pano ndi munthu wa imvi, ali ndi galaja yawoyawo kutsidya kwa mzinda, ndipo otomatiki amazidziwa. Bambo anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndevu ndinamuphunzitsa ndine kusiyanitsa sipanala ndi supuni. Lero ndikagwade kuti andiuze mothirira oyilo? Oyilo ndi oyilo, Kapitawo. Wakuda atuluke, watsopano alowe, basi."

Ndinawakumbutsa kuti safunsa anadya phula. Iwo anati phula analidya kale ali mnyamata ndipo silinawaphe.

Lachisanu ndinawanamiza akuntchito kuti dzino landivuta, tinapita kusitolo ya zipangizo za galimoto. Ndi kachipinda kakatali, kamdima, malamba a injini atalendewera kudenga, fungo la labala lokhalokha. Mayi wogulitsamo, wa bolopeni m'tsitsi, anatulutsa zigubu za oyilo wofiira ndi fyuluta yatsopano popanda vuto. Nkhani inavuta pa gasiketi.

Kwa amene sanagonepo pansi pa galimoto: kunsi kwa giyabokosi kuli mbale yachitsulo, sampu, mmene mumakhala oyilo, ndipo pakati pa mbaleyo ndi giyabokosi amaikapo kalamba kopyapyala kozungulira m'mphepete kuti oyilo asadonthe. Kalambako ndiye gasiketi. Ine zimenezi ndinaziphunzira osafuna, monga mwana wa abusa amaphunzirira nyimbo.

Mayiyo anaika pakauntala gasiketi yofiirira, yooneka ngati utuchi woumba. Bambo anaipinda pang'ono, anaiyang'ana poyera, n'kuibweza ndi zala ziwiri.

"Iyi ndi ya utuchi. Ikauma imasweka, ukamanga kwambiri imaphwanyika. Mwezi usanathe mupeza dontho pansi."

"Ndiye tengani silikoni, agogo. Ambiri masiku ano akungopaka ameneyu." Anatulutsa kachubu n'kukaika pambali pake.

"Ambiri masiku ano ndi opaka utoto, si amakaniko. Ukafinya ameneyo, wina amatulukira kunja, wina amagwera m'kati ngati nyongolotsi n'kukatseka timabowo. Ya labala mulibe? Ija yokhala ndi chitsulo m'kati?"

"Yatha. Ibwera mawa m'mawa kuchokera kusitolo yathu yaikulu." Mayiyo anaseka. "Koma agogo inu, mukusankha gasiketi ngati mukusankha mkazi."

"Mkazi ndinasankha mothamanga, ndinangochita mwayi. Pa gasiketi mwayi palibe, mayi."

Ine ndinali nditatopa ndi kuima. Ndinawachonderera kuti atenge ya utuchiyo timalize tsiku lomwelo, popeza Lolemba silinali kutali, ndipo dontho limodzi pamwezi silinaphepo munthu. Bambo anauma gwa. Anati galimoto yodontha ndi manyazi a mwini wake, ndipo achimwene akadzaona banga la oyilo pabwalo adzayambanso kupukuta magalasi aja. Pamenepo ndinamvetsa kuti akufuna kuonetsa mwana wawo kuti manja awo akadali amoyo, ndiye ndinatseka pakamwa. Tinagwirizana kuti ine ndidzabwerenso mawa lake paminibasi kudzaitenga.

Titafika pakhomo bambo anati oyilo amatuluka bwino akadali wotentha, choncho tisadikire gasiketi. Anavala ovololo yawo yakale, mwendo umodzi utamangidwa mfundo. Ine ndinapopa jeke, ndinatchinjiriza galimoto ndi zitsa, ndinayala katoni. Kuwaona akutsetsereka pandodo mpaka pansi, n'kudzikoka ndi zigongono kulowa kunsi kwa galimoto, kunandiwawa mumtima, koma nkhope yawo inali ya mnyamata. Panali patapita miyezi yambiri ndisanawamve akuimba mluzu, koma tsiku limenelo anaimba.

Bambo sadziwa ntchito ya theka. Anati kumasula sampu kokha kumasiya oyilo wambiri atabisala m'kati, ndiye anayamba amasula kaye paipi yopita ku lediyeta, anailozetsa m'beseni lalikulu, n'kundiuza kuti ndilize injini. Paipiyo inalavula oyilo wakuda mpaka inayamba kutsokomola mpweya.

"Zimitsa, Kapitawo! Ufuna kundiphera mnzanga?"

Kenako anamasula mabauti a sampu limodzilimodzi, kuyambira mbali imodzi, kuti mbaleyo ipendeke pang'onopang'ono wotsalayo atsikire m'beseni. Wina anawayenderera m'mkono mpaka m'khwapa, iwo n'kumaseka. Ine sindinaseke, chifukwa wochapa ovololoyo ndimamudziwa.

Sampu itatuluka anandionetsa m'kati mwake. Pansi pake panali matope otuwira, ndipo kamaginito kamene kamakhala pakona kanali katamera ubweya wa tizitsulo.

"Taona uve umenewu. Mnzangayu impso zake zinali zitatsekeka, wosauka."

Matopewo anawakokolera m'beseni lomwelo. Sampuyo anaitsuka ndi palafini mpaka inawala, anapala gasiketi yakale ndi lezala osakanda chitsulo, n'kugogoda ndi kahamala m'mphepete mwa mabowo kuti muwongoke. Beseni tinalikokera mu shedi litadzaza.

Pakhomo pathu oyilo wakale satayidwa. Kuyambira ndili mwana, oyilo aliyense wotuluka m'lole ankapita kumitengo: nsanamira za shedi, mapolo a mpanda, mafelemu a zitseko, chifukwa chiswe cha pachitunda pathu chimadya ngati chachita kutumidwa. Amayi akadali moyo ankadandaula kuti nyumba yonse ikununkha galaja, koma ndi iwo omwe ankaloza polo limene latsala. Chidulidwireni mwendo wa bambo, oyilo wopaka anasowa, ndipo chiswe chinali chitayamba kukwera ndi timisewu take tadothi.

Loweruka m'mawa ndinatsika kukakwera minibasi. Kusitolo gasiketi inali isanafike. Mayi uja anati ndikhale pabenchi, ili m'njira. Inakhala m'njiramo mpaka dzuwa linafika paliwombo, ine ndikutukwana chamumtima labala yense wa padziko lapansi. Nditabwerera nayo, yakuda, yosalala, itakutidwa bwino m'pulasitiki, ndinamva fungo ndisanatsegule geti.

Bambo anali pa kampando kawo pakona ya mpanda, bulashi ili m'manja, beseni pambali pawo lili mbee. Anali atadzikoka ndi kampandoko kuchoka pa polo lina kufika pa linzake, kuzungulira bwalo lonse, beseni akulikankha ndi ndodo. Nsanamira zonse za shedi zinali bii, zikunyezimira, mapolo onse a mpanda chimodzimodzi, ngakhale mtengo womangapo chingwe choyanikira zovala.

"Bambo! Mukufuna kudzipha? Padzuwa lonseli?"

"Nanga ndikanangokhala n'kumawerenga ntchentche? Taona, Kapitawo. Chiswe chikafika apa chidzabwerera chikulira. Mpanda uwu ndauwonjezera zaka." Anapukuta thukuta ndi mkono n'kudzidetsa pachipumi. "Ukamuuze mchimwene wako kuti wandende uja wapaka mpanda wonse yekha."

Ndinawakalipira ndithu, ndinawamwetsa madzi ochepa amene adokotala amalola, koma pansi pa mtima ndinakondwa. Munthu wopaka mpanda sakhala akuganiza zosamuka.

Gasiketi anailandira ndi manja awiri, atayamba asamba kaye ndi sopo. Anaiyala pa sampu, mabowo onse anagwirizana osachita kukakamiza, ndipo anandiyang'ana kuti ndivomere kuti kudikira kuja kunali kwanzeru. Anaika fyuluta yatsopano, ine ndinagwirira sampu nditagwada, iwo akulowetsa mabauti ndi zala. Pomanga sankatsata mzere. Ankati ili la kuno, kenako la kutsidya, kenako la pakati, pang'onopang'ono, kuzungulira kangapo, ngati mayi wogawira ana nyama kuti wina asadandaule.

"Bauti la sampu silifuna mphamvu," anatero ali pansipo. "Limafuna ulemu."

Tinathira oyilo watsopano ndi fanelo, wofiira psuu. Tinachotsa zitsa, tinatsitsa jeke. Bambo anafuna katoni ina yoyera, yopanda banga, n'kundiuza kuti ndiiyale pansi pa sampu ikhale mboni. Analiza injini, anadikira itenthe, anayendetsa giya m'malo ake onse ataponda buleki, anayeza oyilo n'kuwonjezera pang'ono. Kenako anati nditsegule geti.

Anaika pa R kuti abwerere m'mbuyo. Galimoto inangogwedezeka. Anaponda moto, injini inakuwa, matayala ali chilili. Anaika pa D, tinadikira kuti ipemphere monga mwa masiku onse. Inapemphera, inapempherabe, koma ameni sanabwere.

Anayezanso oyilo, anali pamzere wake. Anandiuza kuti ndisuzumire pansi, katoni inali youma. Anayesanso, n'kuyesanso, mpaka fungo la chinthu chopserera linayamba kumveka, ine n'kuwagwira dzanja. Anazimitsa injini n'kukhala momwemo, manja onse ali pachiwongolero, akuyang'ana kutsogolo. Ndinawaitana kuti akadye, sanatsike. Geti ndinakalitseka osawafunsa.

A Ndevu ndinawaimbira ndine, mobisa, ndili kuseri kwa nyumba. Anabwera Lamulungu akuchokera kutchalitchi, jekete atapachika paphewa. Popereka moni anagwira bondo ngati akadali mnyamata wotumidwa masipanala. Bambo sanafunse kuti wawaitana ndani. A Ndevu analiza injini, anamvetsera, anayesa magiya onse, anasuzumira pansi, kenako anazimitsa.

"Oyilo munachotsayo anali wotani, madala?"

"Wakuda ngati tchimo. Wopserera."

"Nanga m'sampu munapezamo chiyani?"

"Matope okhaokha."

A Ndevu anakanda ndevu zawozo nthawi yaitali. Zinkaoneka kuti mawu ali nawo koma akusowa powagwira.

"Madala, ntchito mwagwira yaukhondo, ineyo sampu sindikanaimanga chonchi. Koma giyabokosi iyi inatha kale. M'katimu muli timbale ta kilachi tambirimbiri, ndipo tinaperepeseka. Matope munaona aja ndi timbale tomweto. Fumbi lake limayandama mu oyilo wakale uja, ndiye ndi limene limathandiza kuti tizigwirana. Watsopanoyu ndi woterera, watsuka zonse, tilibenso pogwira."

"Ndiye kuti imayendera uve womwewo?"

"Eya, madala. Imayendera uve."

"Ukunena kuti ndaipha ndi ukhondo."

"Inali kale pamphasa, madala, musadzipweteke mtima. Ndipo sizinathere pomwepa. Ikatere timabwezeramo wakale yemweyo, ndi matope ake omwe. Si mankhwala, koma nthawi zambiri imadzuka n'kuyendanso miyezi, mwina chaka, uku tikufunafuna giyabokosi ina. Achemwali, oyilo uja munasunga kuti? Tabwera nayeni."

A Ndevu anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi. Kenako mphuno yawo inawauza. Anatembenuka pang'onopang'ono, anaona nsanamira za shedi, anaona mapolo, anaona mtengo wa chingwe. Iwo omwe ali mnyamata anaupakapo mpanda umenewu, ndi bulashi ya mtundu womwewo, bambo atawaimirira kumbuyo.

"Ayi, madala," anangotero chapansipansi.

Ine misala inandigwira. Ndinathamangira mu shedi, ndinafinya bulashi m'kapu, ndinafinya nsanza zonse, ndinapala beseni ndi supuni. Zonsezo pamodzi sizinaphimbe ngakhale pansi pa kapu. Ndinapita pansanamira ndi mpeni, koma mtengo wouma uja unali utamwa kale, pampeni pankangobwera tizipalapala takuda. Ndinapalabe misozi ikutsika, mpaka bambo anandiitana ndi dzina limene sankanditchula kawirikawiri.

"Mayi, siya. Madzi akatayika saoleka."

Ndinafunsa a Ndevu ngati wakale wa galimoto ina sangagwire. Anapukusa mutu, anati amene ali kugalaja kwawo amamuthira mumgolo umodzi ndi wa injini. Za giyabokosi ina anati galimoto zamtunduwu zinatha m'misewu, afunsa kwa ophwasula magalimoto akale, koma tisawerengere mwezi uno kapena wamawa. Galimoto yoti awabwereke bambo, a Ndevu anali nayo, koma ya kilachi. Pomaliza anadzipereka kuti alawirira mawa m'mawa kudzawatenga bambo kupita nawo kuchipatala.

"Nanga Lachinayi?" anafunsa bambo. "Nanga Lolemba linalo? Utseke galaja, ana ako azidya mabauti?"

"Njira tiipeza, bambo," ndinatero ine. "Achimwene sakuyenera kudziwa lero. Pali matakisi, pali anthu akutchalitchi."

"Takisi yokwera chitunda chino kupita ndi kubwera mpaka ine ndidzafe? Ndi kusita kwako komweko? Akutchalitchiwo adzabwera kamodzi, kachiwiri adzandipempherera ali kwawo. Ndinagwirizana naye mwana uja pakhonde apa, iwe ulipo. Sindinanamizepo kasitomala, sindingayambire pa mwana wanga. Bweretsa foni."

Ndinakana. Ndinalankhula zambiri, mkwiyo ndi mantha zitasakanikirana. Ndinati tikanatenga ya utuchi ija tikanamaliza Lachisanu lomwelo, vutoli tikanaliona beseni likadali lodzaza, ndipo lero bwenzi galimoto ikuyenda, ikudontha koma ikuyenda. Bambo anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anagwedeza mutu.

"Zoona," anatero.

Bola akanandikalipira. Bambo anatambasulira dzanja kwa a Ndevu, a Ndevu anatulutsa foni yawo akuyang'ana kumbali. Bambo nambala ya mwana wawo amaidziwa pamtima.

"Ndine. Yaima. Ubwere mawa m'mawa, tisakachedwe kumakina." Anadula foniyo asanamve yankho.

Lolemba achimwene anafika molawirira pamodzi ndi akazi awo, alamu anga. Sananene kuti ndinakuuzani, ndipo zimenezo zinandipsetsa mtima kuposa akananena. Alamu anandithandiza kulongedza sutikesi, mankhwala, chithunzi cha amayi. Bambo anafunsa za bokosi lawo la masipanala. Alamu anayankha mofatsa kuti m'kachipindamo mulibe malo, mwina tsiku lina, ndipo bambo anati zili bwino. Mawu akuti zili bwino sindinawamvepo pakamwa pawo pankhani ya masipanala. Za ine zinali zitakambidwa kale: nyumba aikamo anthu a lendi, ine ndikapeze chipinda kufupi ndi kuntchito.

Achimwene anaima pabwalo akuyang'ana uku ndi uku, akununkhiza.

"Mpandawu mwaupaka bwino," anatero, ndipo ananena ndi mtima wabwino. "Wa lendi apezeka msanga."

Ndinafuna kuwagenda ndi kapu ija, koma bambo anandiyang'ana, ndinameza. Anayenda ndi ndodo zawo kudutsa shedi osatembenuka. Achimwene anatsegula chitseko cha galimoto yawo n'kuwagwira m'khwapa kuti awakhazike. Bambo anaima, dzanja lili pachitseko.

"Kapitawo, tasuzumira pansi pa mnzangayo."

Ndinagwada ndi zovala zanga zakuntchito, ndinasolola katoni ija.

"Yadontha?"

"Ayi, bambo. Ngakhale dontho."

"Bwera nayo kuno."

Anaitenga, anaiyang'ana poyera, anaitembenuza, anaisisita ndi chala chachikulu. Kenako anaionetsa achimwene.

"Waona?"

Achimwene anayang'ana katoni yopanda kanthuyo, anavomera ndi mutu osadziwa chimene akuvomera, n'kusuzumira wotchi. Bambo anandibwezera katoniyo.

"Ukaibwezere pomwepo," anatero, n'kulola kuti awakhazike.

Ndinaima pageti mpaka fumbi lawo linathera kumunsi kwa chitunda, kenako ndinagwadanso n'kuiyala pansi pa sampu. Galimotoyo inakhala pamalo pomwepo mpaka tsiku limene ophwasula anabwera kudzaikoka. Masabata onsewo bambo akaimba foni kuchokera m'kachipinda kaja sankafunsa za ine, kapena za nyumba, kapena za anthu a lendi. Funso linali limodzi lomwelo, ndipo sindinafunikire kuwanamiza. Sinadonthepo.